MIPIKISANO YA MAGALIMOTO INAYAMBIRA PA MSEU WA ANTHU ONSE

Kuyambira pamene mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe unathiridwa tala, ife a ku Mambwe taphunzira kumva liwiro ndi makutu. Galimoto isanatulukire pa khona, kulira kwa injini kumakhala kutatiuza kale ngati woyendetsayo ndi munthu wofuna kukafika kapena wofuna kuonedwa. Acinyamata athu amatama dalaivala wothamangitsa, ndipo pamene taimirira kudikira minibasi timamva ena akuti, "Tikwere ya uja, sacedwa pa njira." Pa cifukwa ici, lero tifuna kukambako za kumene masewera othamangitsa magalimoto anacokera kuno kum'mwera kwa Africa, ndi cimene cinacititsa kuti eni ake a masewerawa awacotse pa mseu umene anthu onse amayendamo.

Tiyambe tasiyanitsa mitundu iwiri. Pali magalimoto a mpando umodzi, a matayala oonekera poyera, amene timawaona pa TV mu Formula One. Palinso ena ochedwa sports car: a mipando iwiri, okhala ndi nyali, matayala ake ophimbidwa. Masiku oyambirira munthu anali kutha kuyendetsa galimoto yotere kucokera kunyumba kwake, n'kukamata nambala pa citseko, n'kucita nayo mpikisano, madzulo n'kubwerera nayo kwao ngati sinaphwanyike. Mipikisano ya magalimoto amenewa nthawi zambiri imakhala ya maola ambiri. Wopambana ndi amene wazungulira maulendo oculuka nthawi ikamatha, conco liwiro lokha silikwanira. Injini iyenera kupirira, mabuleki asapse, ndipo madalaivala awiri kapena atatu amalandirana ngati anthu opalira munda umodzi.

Poyamba penipeni kunalibe mabwalo omangidwira masewerawa. Mu 1934 mtolankhani wina wa nyuzipepala ya Daily Dispatch ku East London, m'dziko la South Africa, dzina lake Brud Bishop, anaona mseu watsopano wozungulira kufupi ndi nyanja n'kuganiza kuti ungacitikirepo mpikisano. Pa 27 Disembala caka comweco mseuwo, wa makilomita pafupifupi 24, unatsekedwa ndipo South African Grand Prix yoyamba inacitika. Anapambana ndi Whitney Straight, mnyamata wolemera wobadwira ku America, pa galimoto ya Maserati. Makolo anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, koma ku East London sizinali conco ai. Magalimoto ofooka anali kuloledwa kunyamuka coyamba, amphamvu n'kutsatira pambuyo. N'cifukwa cake mu Januwale 1937 magalimoto a Auto Union ocokera ku Germany, amene anali pakati pa amphamvu koposa pa dziko lonse, analephera kumpeza Pat Fairfield ndi kagalimoto kake ka ERA. Fairfield yemweyo anafa pa ngozi ya mu mpikisano wa ku Le Mans, ku France, mwezi wa Juni caka comweco.

Ku America nkhondo yaciwiri itatha, wophunzira za malamulo wina, Cameron Argetsinger, ananyengerera akuluakulu a katauni ka Watkins Glen kuti alole mpikisano wa sports car m'miseu yao. Pa 2 Okutobala 1948 magalimoto ananyamukira pakati pa masitolo, n'kukwera phiri, kudutsa pa mlatho wa miyala, pa mseu wa dothi, ngakhale kudumpha njanji. Sitima zinacita kuimitsidwa. Njira yonse inali makilomita 10.6 ndipo anapambana ndi Frank Griswold pa Alfa Romeo. Amalonda anakondwa cifukwa alendo anabwera miyandamiyanda, ndipo caka ndi caka khamu linali kukula. Anthu anali kuimirira m'mphepete mwenimweni mwa mseu monga momwe timaimirira ife pakabwera mlendo wolemekezeka. Mu 1952 galimoto imodzi inakhudza khamu la anthu pakati pa tauni. Mwana wa zaka 7 anafa, anthu ena 12 anavulala. Mpikisanowo unaimitsidwa pomwepo ndipo sunabwererenso m'tauni. Pofika 1956 anali atamanga bwalo lapadera kunja kwa mudzi.

Zoopsa koposa zinacitika ku Ulaya. Pa 11 Juni 1955, ku Le Mans, galimoto ya Mercedes-Benz yoyendetsedwa ndi Pierre Levegh inauluka n'kugwera pakati pa oonerera, ndipo anthu oposa 80 anafa tsiku limodzi. Dziko la Switzerland linaletsa mipikisano ya pa bwalo kwa zaka zoposa 60. Ku Italy kunali mpikisano wochuka wa Mille Miglia, wa makilomita 1,600 kucokera ku Brescia kupita ku Rome ndi kubwerera, wodutsa m'midzi ndi m'matauni. Mu Meyi 1957 tayala la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo. Anafa iye, mnzake amene anali naye m'galimoto, ndi anthu 9 oonerera, asanu mwa iwo anali ana. Boma la Italy linathetsa mpikisanowo. Onani bwino kuti amene anafa kwambiri pa ngozi zonsezi sanali madalaivala ofuna ulemerero, koma anthu oimirira m'mbali, ndipo kawirikawiri ana.

Bwalo la Kyalami linatsegulidwa zinthu zili conco. Lili pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndipo dzina lake licokera ku mau a Cizulu otanthauza kuti kwathu kapena nyumba yanga. Abale athu Angoni a kwa Mpezeni, amene makolo ao anaoloka Zambezi mu 1835 kucokera kum'mwera komweko, mwina angalimve dzinali popanda womasulira. Mpikisano wa maola 9 unayamba mu 1958 pa bwalo lina lochedwa Grand Central, kenako pa 4 Novembala 1961 unasamukira ku Kyalami. Opambana tsiku limenelo anali Dawie Gous ndi John Love pa kagalimoto ka Porsche.

Bwaloli linali la makilomita 4.1 ndipo linali ndi zovuta zakezake. Lili pamalo okwera, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja, kumene mpweya ndi wopepuka. Injini imapuma mpweya monga munthu, ndipo ikausowa mphamvu zimacepa. Amakanika ocokera ku Ulaya anali kucita kusintha kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya kuti injini isatsamwe. Mpikisano unali kuyamba masana n'kutha usiku, m'mwezi wa Novembala pamene mvula ya mabingu imagwa mwadzidzidzi. Munthu anali kuyamba dzuwa likuswa mtengo, pakati n'kukumana ndi madzi pa tala, pomaliza n'kumayenda ndi nyali mumdima. Cina codabwitsa n'cakuti magalimoto okwera mtengo a Ferrari ndi Porsche anali kuthamanga limodzi ndi magalimoto wamba a Volvo, Renault ndi Alfa Romeo oyendetsedwa ndi anthu a magalaji a m'tauni. Wothamanga kwambiri anali kupeza wocedwa kutsogolo kwake pafupifupi pa khona iliyonse, ndipo luso lalikulu linali kudziwa pomudutsa ndi pomudikira.

Amene analidziwa bwino luso limeneli ndi Mngelezi wina, David Piper, amene anali kupaka magalimoto ake utoto wobiriwira. Anapambana mpikisano wa maola 9 zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 1962 kufikira 1966, pa magalimoto a Ferrari, kenako anapambananso mu 1969 pa Porsche 917. Sanali wothamanga koposa onse a m'nthawi yake, koma anali kusamala galimoto yake cifukwa inali yakeyake, yogula ndi ndalama zake. Alimi amene ali ndi ngolo kapena njinga yaoyao adziwa kusiyana kwa mwini wake ndi woyendetsa ya wina. Mu 1970 Piper anacita ngozi pojambula filimu ya Steve McQueen yochedwa Le Mans, ndipo mwendo wake umodzi unadulidwa. Anabwereranso kuyendetsa magalimoto akale ali ndi mwendo woikirira.

Pofika m'ma 1965 mpikisano wa ku Kyalami unakhala mutu wa mndandanda wochedwa Springbok Series. Kukazizira ku Ulaya, madalaivala anali kukweza magalimoto ao pa sitima ya pamadzi n'kubwera kuno kudzazungulira: Johannesburg, Cape Town, Pietermaritzburg, Bulawayo ndi Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Mndandandawu unafooka mu 1973 pamene mafuta anakwera mtengo ndi kusowa pa dziko lonse.

Pa John Love tiyenera kuimapo pang'ono, pakuti ndiye anali wa pafupi nafe. Anabadwira ku Bulawayo mu 1924, ndipo zaka zimene anayamba kuchuka dziko lathu, Southern Rhodesia ndi Nyasaland zinali zomangidwa pamodzi mu citaganya cija makolo athu anacikana, cimene cinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Mu 1962 anakhala katswiri wa magalimoto wamba ku Britain pa kagalimoto ka Mini Cooper. Atabwerera kwao anatenga cikho ca South Africa zaka zisanu ndi cimodzi zotsatizana, 1964 mpaka 1969. Koma cimene amakumbukiridwa naco ndi tsiku la 2 Januwale 1967, pamene mpikisano wa cikho ca dziko lonse ca Formula One unafika koyamba pa Kyalami. Love, ali ndi zaka 42, anabwera ndi galimoto yakale ya Cooper, ya injini yaing'ono kuyerekeza ndi ya akatswiri a ku Ulaya. Magalimoto a akatswiriwo anayamba kufa imodziimodzi cifukwa ca kutentha, ndipo iye anapezeka ali patsogolo pa onse. Kutatsala maulendo ocepa kuti amalize, injini inayamba kusowa petulo ndipo anakakamizika kupatuka kuti aonjezere. Pedro Rodríguez wa ku Mexico anamudutsa n'kupambana, Love n'kukhala waciwiri. Anamwalira ku Bulawayo komweko mu 2005.

Alimi a fodya a ku mapiri kwa Chipata alinso ndi mbali m'nkhaniyi, ngakhale sanaitanidwe. Mu Januwale 1968 Love ndi mnzake Sam Tingle anatulukira pa Kyalami ndi magalimoto opakidwa mitundu ya ndudu za Gunston. Anali m'gulu la oyamba kulowetsa malonda a kampani yosakhala ya magalimoto mu Formula One. Kucokera pamenepo ndalama za fodya zinadyetsa masewerawa kwa zaka pafupifupi 40, kufikira pamene maiko ambiri analetsa kutsatsa fodya m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Mlimi wocinjika fodya m'cigafa sanaonepo kusiyana pa mtengo wa belo lake.

Tisabise cinthu cimodzi. Masewerawa anali a azungu. Zaka zimene Piper ndi Love anali kuomberedwa m'manja, amuna ambiri a kuno kum'mawa ndi a ku Malawi anali ku Joni, ena m'migodi ya golide, ena m'makhichini ndi m'madimba a mabwana. Lamulo la tsankho la 1953 linali litagawa malo osangalalira, mipando ndi zimbudzi malinga ndi khungu. Munthu wakuda anali kutha kutsuka galimoto ndi kunyamula matayala, koma mpando wa dalaivala sunali wake. Dziko litayamba kusala South Africa cifukwa ca tsankho, Formula One inacoka pa Kyalami pambuyo pa 1985, n'kubwererako mu 1992 ndi 1993 basi. Bwalolo linasinthidwa kangapo, ndipo mu 2014 linagulidwa pa okushoni ndi Toby Venter, wogulitsa magalimoto a Porsche, pa mtengo wa R205 miliyoni. Mpikisano wa maola 9 unaukitsidwanso mu 2019.

Kusamukira pa bwalo sikunathetse imfa tsiku limodzi. Ku Le Mans kunali mwambo wakuti madalaivala aimirire tsidya lina la mseu, mbendera ikatsika athamange wapansi n'kudumphira m'magalimoto ao. Pofuna kunyamuka msanga, ambiri sanali kumanga malamba. Mu 1969 mnyamata wa ku Belgium, Jacky Ickx, amene anapambanapo pa Kyalami mu 1967 ndi 1968, anakana kuthamanga. Anayenda mwacifatse, n'kukhala pansi, n'kumanga lamba wake bwinobwino, n'kunyamuka womalizira. Ulendo woyamba usanathe, John Woolfe anacita ngozi n'kufa. Patapita maola 24 Ickx anapambana mpikisanowo, ndipo caka cotsatira mwambo wothamanga wapansi unathetsedwa.

Pa Kyalami pomwe, pa 5 Malichi 1977, galimoto ina inaima m'mbali ikuyaka pang'ono. Anyamata awiri othandiza pa bwalo anaoloka mseu mothamanga kuti akazime moto. Mmodzi wa iwo, wa zaka 19, atanyamula cozimira moto, anagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce imene inatulukira pa kacitunda ikuyenda makilomita oposa 250 pa ola. Onse awiri anafera pomwepo. Pryce anali katswiri, galimoto yake inali ndi mabuleki abwino koposa a galimoto iliyonse yoyenda pa mseu wathu, koma analibe nthawi. Kucokera pa ngozi zotere kunabwera malamulo amene lero sakambirana: mipanda yolimba, malo a mcenga otherapo liwiro, mbendera zocenjeza, ambulansi ndi dokotala pa bwalo, ndiponso lamulo lakuti munthu asaoloke popanda cilolezo.

Kuno ku Zambia mbiri yathu yaikulu ili pa rally, mpikisano wa m'miseu ya dothi. Satwant Singh wa ku Lusaka anatenga cikho ca Africa yonse kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anacitenga mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes mu 2022. Anthu ambiri amaganiza kuti rally ndi kungothamangitsa galimoto m'thengo, koma sizili tero. Magalimoto amanyamuka imodziimodzi, patapita mphindi zowerengeka. Cigawo cothamangira cimatsekedwa kwa anthu ena, ndipo nthawi zambiri cimakhala m'mafamu. M'kati mwa galimoto muli cimango ca zitsulo coteteza ikagubuduzika, dalaivala avala cisoti ndi malamba oculuka, ndipo pambali pake pali mnzake womuwerengera khona iliyonse isanafike. Pocoka pa cigawo cina kupita pa cina amatsata malamulo a pamseu monga wina aliyense, ndipo wowaphwanya amalangidwa.

Tsopano tiyerekeze ndi mseu wathu. Palibe amene amautseka. M'mawa muli ana a sukulu, amai opita ku cigayo ndi ku dirawo, njinga zosenza makala ndi matumba a cimanga, mbuzi ndi nkhumba. Pa Sabata ndi pa Sondo muli Akhristu opita ku mapemphero. Nyengo yogulitsa thonje muli mathiraki olemera, ndipo kufupi ndi Mfuwe, makamaka mango akapsa, njovu zimaoloka usiku popanda kupempha. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala wacheru amatenga pafupifupi sekondi kuti phazi lifike pa buleki, ndiye galimoto imafunanso mamita ena okwana ngati 50 kuti iime pa tala youma. Zonse pamodzi ndi pafupifupi magawo atatu mwa anai a utali wa bwalo la mpira. Pa makilomita 50 pa ola, galimoto yomweyo imaima isanakwanitse mamita 30. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wogwirira buleki umawirikiza kanai. Ici si cikhulupiriro ca apolisi, ndi mmene zinthu zolemera zimayendera, ndipo matayala akutha kapena mvula zimangoonjezera mtundawo.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse, ndipo kuno ku Africa ndiko ciwerengero ca akufa cili cokwera koposa poyerekeza ndi kuculuka kwa anthu. Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa. Tikumbukira ana a sukulu oposa 40 amene anafa ku Kawambwa mu 2005 thiraki imene anakwera itagubuduzika, ndi anthu oposa 50 amene anafa pa ngozi ya basi ku Chibombo mu 2013. Kuno kucigwa vuto lina ndi mtunda. Wovulala pa Kyalami amafika m'manja mwa dokotala m'mphindi zocepa. Wathu ayenera kudikira galimoto yomufikitsa ku Kamoto, ndipo akakhala wothyoka kwambiri ulendo umapitirira kukwera mapiri mpaka ku Chipata.

Ife tiona kuti mlandu suli pa madalaivala okha. Apaulendo ndife amene timatama wothamangitsa ndi kunyoza wofatsa kuti ayenda ngati maliro. Eni magalimoto ena amapatsa dalaivala ndalama yoti abweretse pa tsiku imene sangaipeze popanda kucita maulendo oonjezera. Ndipo njinga zamoto, zimene zaculuka m'zaka zapitazi ndipo zathandizadi kufikitsa odwala ndi katundu kumene galimoto sifika, nthawi zambiri zili m'manja mwa anyamata amene sanaphunzirepo malamulo a pamseu, onyamula anthu atatu popanda cisoti ngakhale cimodzi. Lamulo la 2002 limene linakhazikitsa RTSA lilipo, ndipo za lamba ndi cisoti zinalembedwa kale, koma wapolisi sangakhale pa khona iliyonse kucokera ku Chipata mpaka pa mlatho wa Luangwa.

Anthu a ku Watkins Glen anacotsa magalimoto m'tauni mwana mmodzi atafa. Ife mseu sitingaucotse, ndipo sitifuna kutero, pakuti ndi umene wacepetsa ulendo wa ku Chipata kucoka pa tsiku lathunthu la fumbi kufika pa maola ocepa. Cimene cingatheke ndi cimene eni mabwalo anacita: kusiyanitsa oyenda pansi ndi magalimoto, ndi kukakamiza liwiro kutsika pamalo pamene anthu amaoloka. Mabampu ndi zikwangwani pa mseu waukulu ndi nchito ya Road Development Agency, koma pempho limayambira kwa khansala ndi komiti ya citukuko ya wadi, n'kupita ku khonsolo ya Mambwe. Makhonsolo a maparishi, akulu a mipingo, magulu a alimi a thonje ndi makomiti a makolo pa sukulu ndi amene adziwa malo enieni: pamene ana amatulukira, pamene msika umasefukira mu tala, pamene udzu umabisa khona mwezi wa Febuluwale. Udzu umenewo sufuna kalata ya ku Lusaka, ufuna zikwakwa ndi mau a nyakwawa. Kalata yopempha mabampu ikhale ndi dzina la malo, nthawi imene ana amaoloka, ndi masiku amene ngozi zinacitikapo, ndipo kope lake lipite kwa amfumu a deralo ndi ku ofesi ya phungu wa Malambo.